Zimene Ndidaona Posambitsa Mlongo Wako

Hawa mwana wanga,

Uthenga wa imfa ya mlongo wako Twaibu udandipeza ku Dwangwa Lachiwiri lija m'mawa, ndili m'kanyumba kogulitsira tiyi, ndowa yako yatsopano ili pamapazi panga. Ndidapita kukagula zinthu zimene akusukulu ya apolisi adalemba kuti upite nazo. Zimenezo ukuzidziwa. Chimene sukuchidziwa n'chakuti uthengawo udandifika kawiri, ndipo koyamba ndidaulandira mokondwa.

A Sumaili, mnzanga wa maboti uja wa ku Ngala, adali pabenchi limodzi ndi ine. Foni yawo idalira, adawerenga, kenaka adamenya tebulo mpaka tiyi kutayika. "Aphunzitsi, imvani izi! Apolisi awombera zigawenga ziwiri zoba njinga zamoto. Akuti zimafuna kuthawira m'minda ya nzimbe." Mayi wogulitsa tiyi adati, "Zikathawire kumanda tsopano, kumeneko kulibe nzimbe." Anthu adaseka. Ndipo ine bambo wako, amene ndidakhala zaka makumi atatu ndikuuza ana a eni kuti nkhani samaiweruza asadamve mbali zonse, ndidaviika sikono m'tiyi n'kunena kuti, "Zakhala bwino. Akabaza apumeko." Sindidafunse maina. Palibe adafunsa. Ndisadamalize kapu yachiwiri, mnzake wa Twaibu wa pa siteji ya kabaza adaima pakhomo, chipewa chili m'manja, osalowa. M'nyumbamo tidalimo anthu ambiri, koma iye ankayang'ana ine ndekha.

Ndikulemba masana ano iwe utapita ku Malengachanzi kukatsanzikana ndi azakhali ako. Mawa m'mawa ukwera minibasi. Kalatayi ndiiika pansi pa zovala zako kuti ukaiwerenge ukafika, chifukwa pamaso pako ndayesa kangapo kunena zimenezi koma ndalephera. Sadaka ya masiku makumi anayi yapita, alendo abalalika, m'nyumba mwatsala ife atatu, ndipo aliyense akuyenda mozemba mnzake ngati nyumbayi ndi yobwereka.

Zimene apolisi adatiuza ukuzikumbukira. Twaibu adamugwira Lolemba pa siteji chifukwa njinga imene ankayendetsa, ya abwana ake, akuti idalandidwa kwa wakabaza wina amene adaphedwa ndi zikwanje. M'bandakucha wa Lachiwiri akuti adamutenga pamodzi ndi munthu wina kuti akaloze kumene kudabisidwa njinga zina, ndipo awiriwo adalumpha m'galimoto. Pepala limene adatipatsa likunena choncho: adawomberedwa pothawa.

Ukukumbukiranso zimene amayi ako adanena tsiku la sadaka, akutsuka mbale kuseri: "Iwe ukupitadi kwa anthu amene apha mlongo wako? Ukawaphikira tiyi? Ukawaimira sawasha?" Iwe udayankha kuti, "Amayi, abwino onse akakana ntchitoyi adzatsala ndani?" Kenaka udatembenukira kwa ine: "Ababa, ndisapite?" Ine ndidati ntchito masiku ano n'zosowa. Lidali yankho la munthu wamantha. Yankho lenileni ndi kalata ino, ndipo si lakuti usapite kapena upite. Ndi lakuti ukapita, munthu aliyense womangidwa amene adzakhale m'manja mwako umufikitse kukhoti wamoyo. China chilichonse chimene ndilembe pansipa n'chongofotokoza chifukwa chake, ndipo ndilibe zitsanzo zina koma zolakwa zanga.

Umandidziwa kuti ndine munthu wa mabuku; amayi ako amati chiswe chimandidziwa bwino kuposa abale anga. M'mabuku ambiri amene ndawerenga okamba za chabwino ndi choipa, anthu ophunzira amagawikana pawiri. Ena amati chinthu uchiweruze ndi zipatso zake. Uike pa sikelo anthu amene apindula ndi amene avutika, ndipo mbali yolemera ndiyo yolondola. Ngati imfa ya mmodzi ipulumutsa khumi, iwo amati masamuwo ayankha okha. Ena amakana. Amati pali zinthu zimene sungamuchite munthu ngakhale boma lonse litapindula, chifukwa munthu si khasu kuti ulimire munda wa ena kenaka n'kulitaya. Ine ndinkaphunzitsa masamu, choncho gulu loyambalo lidandikoka. Linkaoneka la anthu okhwima, osalira msanga. Lachiwirilo ndinkaliona ngati la anthu amene sadaberedwepo.

Ndidayamba kugwiritsa ntchito sikelo imeneyi iwe usadabadwe, ndili mphunzitsi wamkulu. Matumba a ufa wa phala la ana adasowa m'chipinda chosungira katundu. Makolo adasonkhana pabwalo la sukulu atakwiya, ena akunena kuti aotcha nyumba za aphunzitsi. Wina adati adamuonapo Lameki, mwana wa Sitandade 8, akuzungulira chipindacho madzulo. Lameki adali wamtali, wamwano pang'ono, wopanda bambo womuyankhulira. Umboni padalibe. Ndidamuchotsa sukulu tsiku lomwelo pamaso pa onse, ndipo anthu adabalalika. Ndidadziuza kuti ndapulumutsa sukulu ya ana mazana ndi mwana mmodzi. Patapita miyezi, ufawo udadziwika kuti udatuluka kudzera kwa mlonda. Lameki sadabwerere, mayeso adali atadutsa. Lero amadula nzimbe. Tikakumana pamsewu amandipatsa moni wa manja awiri, ndipo moni umenewo umandiwawa kuposa chipongwe. Uone, Hawa, amene ndidasankha. Sindidasankhe mwana wa wapampando wa komiti. Wogwira sikelo nthawi zonse amaikapo mwana amene alibe womulirira mokweza.

Cholakwa chachiwiri n'chachikulu, ndipo sindidauzepo munthu. Ukudziwa kuti kumzikiti kwathu ndine mmodzi mwa osambitsa maliro aamuna. Zaka zingapo zapitazo, iwe uli ku sekondale, injini za maboti zinkabedwa ku Ngala pafupifupi sabata iliyonse. Asodzi ankagona padoko atakumbatira injini ngati mwana wodwala. Mabanja ena adasiyiratu usodzi. Kenaka apolisi adagwira Rajabu, amene ankakonza injini pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko, ndipo m'mawa mwake tidamva kuti wawomberedwa pothawa. Ndine ndidamusambitsa. M'mikono mwake mudali mizere iwiri yozama ya unyolo. Mapazi adali otupa mwakuti sakadatha kuponda pansi, ndiye kuthamanga kukadachokera kuti? Ndidaona zonsezo, ndidatsuka, ndidakulunga m'sanda, nsalu yoyera ija, ndipo tidamunyamula.

Titabwera kumanda amayi ake a Rajabu adandigwira mkanjo. Adali mayi wouma, wogulitsa usipa, wosadziwa kulemba dzina lake. Adati, "Aphunzitsi, inu mwamuona thupi lonse. Mwana wanga anathawadi?" Ndidati, "Mayi, mwambo mukuudziwa. Wosambitsa sanena zimene waona." Adayankha kuti, "Mwambo umenewo ndi wobisa manyazi a wakufa, aphunzitsi. Si wobisa manyazi a amene amupha." Adasiya mkanjo wanga n'kupita. Adanena zoona: timakhala chete kuti chilema kapena matenda a womwalira zisakhale nkhani ya pamsika. Ine ndidatenga lamulo loteteza wakufa n'kubisalamo ndekha. Ndipo chifukwa chenicheni sichidali mwambo. Chidali chakuti kuba kwa injini kudaleka, asodzi adayambanso kugona m'nyumba zawo, usipa udatsika mtengo, ndipo mumtima ndidati mwina zidayenera kutero.

Usaganize kuti anthu oganiza choncho ndi zilombo, mwana wanga. Ukawaganizira choncho sudzawazindikira akadzabwera. A Sumaili ndi munthu wabwino. Adakunyamula paphewa uli wakhanda. Mphwawo adali wakabaza, ndipo adamupeza m'ngalande atakhapidwa, njinga itapita. Nthawi ina titakangana za nkhanizi adanditi, "Aphunzitsi, mabuku anuwo adagwirapo wakuba? Timamugwira Lolemba, Lachisanu tikumana naye pamsika akudya kanyenya, n'kutipatsa moni, 'Mwaswera bwanji madala?' Wapatsidwa belo! Mboni zikuopa, fayilo yasowa. Ndiye mukufuna tizimuwerengera ndakatulo?" Ndidaseka nawo. Mpaka lero sindinganene kuti adanama. Makhoti amachedwa, mafayilo amasowadi, ndipo akazi amasiye a akabaza ndi enieni ngati amayi ako. Mawu amenewa udzawamva kuntchito kuchokera kwa anthu otopa amene atola mitembo yambiri. Adzakhala anthu amene adakugawira chakudya chawo malipiro atachedwa. N'chifukwa chake ndikubwereza: umufikitse wamoyo, ngakhale amene akukuuza zina ndi munthu amene umamukonda.

Tsopano ndifike pa Lachitatu lija. Thupi la Twaibu adatipatsa dzuwa lili pamutu. Wapolisi amene adali ndi mapepala sadali waukali ayi. Adandiitana kuti bambo, adandipatsa mpando. Adati, "Ngati mukufuna thupi lipimidwe ndi dokotala, ndi ufulu wanu. Koma dokotala wake abwera sabata yamawa, ndipo mafiriji a kunyumba ya chisoni mukuwadziwa ndi magetsi athuwa. Inu Asilamu paja simugoneka maliro. Mukasaina apa kuti banja silikufuna kupima, mumutenga pompano." Ankatidziwa bwino munthu uja. Manda adali atakumbidwa kale. Amalume ako ankandiimbira foni mphindi iliyonse kuti dzuwa likupita. Mwana wanga adali atagona kale usiku umodzi pamalo ozizira pakati pa alendo, ndipo mtima wanga unkangofuna kumuchotsapo. Sindidavundukule nsalu kupitirira nkhope. Ine amene ndimawerenga ngakhale pepala lokulungira mankhwala, ndidasaina osawerenga bwino.

Ashehe adati ndisamusambitse ndine, ena alipo. Ndidakana. Ndidamusambitsa ali wakhanda amayi ako atadwala, ndiye ndidati ndimusambitsanso. Tidalowa atatu: ine, a Sumaili othira madzi, ndi mkulu wina wa kumzikiti wogwirizira thupi. Zimene ndikuuze pano mwambo umati ndisanene, koma amayi a Rajabu adandiphunzitsa kale mwini wake wa mwambowo.

M'mikono mwa mlongo wako mudali mizere ya unyolo, yozama, khungu litasupuka. Zala ziwiri za dzanja lamanja zidali zothyoka. Mapazi adali ngati a Rajabu. Bala la chipolopolo lidali limodzi, pachifuwa, m'mbali mwake mutada ngati mwapsa ndi moto. Tidamutembenuza. Kumsana kudali pamene chipolopolo chidatulukira, basi. Hawa, munthu wothawa amaonetsa msana. Mlongo wako adafa akuyang'ana amene adamuwombera, ali pafupi ngati mmene timakhalira pa mkeka.

A Sumaili adasiya kuthira madzi. Adati, "Aphunzitsi." Kenaka adati, "Aphunzitsi, dzulo lija ine ndinamenya tebulo." Ndidati, "Thirani madzi, a Sumaili." Pamenepo ndikadatha kuimitsa zonse. Ndikadatuluka n'kuuza anthu kuti maliro sakuikidwa lero, thupi libwerere likapimidwe. Koma panja amuna adali ataima kale m'mizere, jeneza yonyamulira ili pakhomo, azimayi akulira kuseri, dzuwa likupendeka. Ndidawerengeranso: anthu mazana abwera, ena achokera kutali, amayi ako sangapirire sabata yathunthu, ndipo wakufa wafa kale. Sikelo yomwe ija. Ndidatseka mabala ndi thonje, ndidamukulunga m'sanda, ndidamanga mfundo. Umboni wonse umene mwana wanga adali nawo ndidaukwirira ndi manja anga dzuwa lisadalowe.

Amayi a Rajabu adabwera pamaliropo. Akalamba tsopano, akuyenda ndi ndodo. Adakhala pafupi ndi amayi ako tsiku lonse. Pochoka adandipeza pakhonde n'kunena kuti, "Pepani, aphunzitsi." Ndikadakonda akadanditukwana. Mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe ndidaulemba pabolodi kambirimbiri kuti ana akakhoze mayeso. Ndinkauyesa chenjezo lakuti tsoka limayendayenda. Sindinkadziwa kuti nthawi zina tsokalo umalisungira wekha njira pokhala chete.

Patapita sabata ziwiri ndidavala jekete n'kupita kukadandaula ku ofesi ina yolandira madandaulo okhudza apolisi. Adandilandira bwino. Adafunsa lipoti la dokotala. Ndidati palibe. Adatulutsa pepala n'kundionetsa dzina langa: "Madala, mudasaina nokha." Adafunsa mboni. Ndidapita kwa a Sumaili. Adandilandira m'nyumba, adatseka chitseko, adati, "Aphunzitsi, ndinaona, ndipo Mulungu akudziwa kuti ndinaona. Koma maboti anga ali padoko, anyamata anga awiri ali pamsewu tsiku lililonse. Mukufuna mudzasambitsenso wanga?" Sindidawakakamize. Ndikadayamba bwanji, ine amene ndidawakana amayi a Rajabu? Mkulu wa kumzikiti uja adati maso ake saona bwino masiku ano. Njira yotsala ndi kufukula manda, ndipo amayi ako adati amene adzakhudze manda a mwana wawo ayambe wakwirira iwo.

Pali china chimene chikundivuta kulemba kuposa mabala aja. Sindikudziwa ngati Twaibu adali wosalakwa. Miyezi yomalizayi adali ndi foni yatsopano yodula ndi anzake amene sankawabweretsa kunyumba. Ndidamufunsapo kamodzi. Adaseka n'kunena kuti, "Ababa, mukufuna ndizingoyenda ndi foni ya mabatani ngati inuyo? Kabaza akulipira masiku ano." Ndidaseka nayenso, chifukwa kuseka kudali kosavuta kuposa kufunsa kachiwiri. Chimenechonso ndi cholakwa changa. Mwina ankangoyendetsa njinga ya abwana ake osadziwa kumene idachokera. Abwanawo adasowa tsiku lomwelo ndipo sadaonekenso. Mwina ankadziwa n'kutseka maso. Mwina, Mulungu andikhululukire, adalipo pamene wakabaza uja ankaphedwa. Amayi ako salola n'komwe funsoli. Ine limandidzutsa tsiku lililonse. Malo okhawo amene likadayankhidwa ndi khoti, pamene mboni zikadayankhula, iye n'kuyankha, ife titakhala kumbuyo tikumva. Amene adamuwombera sadaphe Twaibu yekha. Adapha ndi yankho lomwe. Mkazi wa wakabaza wophedwa uja nayenso sadzadziwa ngati amene adapha mwamuna wake ali m'manda kapena akudya kanyenya pamsika.

Ndiye umvetse bwino chimene ndikukupempha. Sindikunena kuti usaphe womangidwa chifukwa mwina ndi wosalakwa, ngakhale zimenezo n'zoona. Ndikunena kuti ngakhale utamuona ndi maso ako atagwira chikwanje, akangolowa m'unyolo wasanduka chosungitsa m'manja mwako. Sangathawe, sangabweze, sangaitane munthu. Chimene wachita n'cha khoti. Chimene iwe ungamuchite ali chomangidwa n'chako, ndipo sichidzachoka pa iwe. Mlongo wako akadakhala kuti adaphadi munthu, ndikadapita kundende mwezi ndi mwezi ndi kaphukusi ka chinangwa, ndikadachita manyazi mpaka imfa, koma ndikadati chilungamo chachitika. Chimene chidachitika m'minda ya nzimbe chilibe dzina limenelo.

Anthu a sikelo adzakuuza kuti njira yawo imagwira ntchito. Nthawi zina imagwiradi, monga injini zidaleka kubedwa Rajabu atafa, kaya chifukwa adali iyeyo kaya chifukwa akuba enieni adachita mantha. Nthawi zina sigwira: Twaibu atatha sabata zitatu m'manda, wakabaza wina adapezeka atakhapidwa panjira ya ku Ngala. Koma usakangane nawo pa zimenezo, chifukwa ukatero walowa kale m'masamu awo, ndipo tsiku limene masamuwo adzawakomere udzasowa chonena. Ine ndidakhala m'masamu amenewo moyo wanga wonse. Ndidawapeza olondola nthawi zonse mpaka tsiku limene nambala imene inkachotsedwa idali mwana wanga. Masamuwo sadasinthe tsiku limenelo. Ndine ndidaona kwa nthawi yoyamba chimene chinkalembedwa ngati nambala.

Ngakhale yankho lako kwa amayi ako lija, lakuti abwino akakana adzatsala ndani, ulisamale. Ndi labwino, koma lili ndi mbewu yomweyo. Tsiku lina lidzakunong'oneza kuti, khala chete kamodzi kokha kuti usachotsedwe, chifukwa ukachotsedwa udzathandiza ndani? Kamodzi kameneko ndidakadziwa pa Lameki. Sikakhala kamodzi.

Sindikuganiza kuti adzakupatsa mfuti n'kukuuza kuti uwombere. Iwe udzakhala wamng'ono pantchito, ndiponso mkazi. Adzakuika pa kauntala ndi buku ndi cholembera. Chimene adzakupemphe n'chaching'ono. Adzati ulembe kuti womangidwa watuluka m'chitokosi ali bwinobwino pamene akumukoka. Adzati usiye mzere wopanda kanthu, adzalemba okha. Adzati usaine kuti udali m'galimoto ndipo udaona akulumpha. Munthu wina adalemba zimenezo za mlongo wako, mwina mtsikana wa msinkhu wako, wa zilembo zokongola, amene bambo ake adamugulira ndowa. Usalembe chimene sudaone, Hawa. Womangidwa akafika, lemba dzina lake lonse ndi nthawi. Yang'ana mikono yake ndi mapazi ake, ndipo ulembe zimene waona. Mufunse ngati abale ake akudziwa kumene ali, ndipo uwadziwitse, chifukwa munthu amene abale ake afika pa kauntala savuta kumupeza wamoyo m'mawa. Ife Lolemba lija palibe adatiuza. Tinkayesa wagona kwa anzake. Ndipo bambo wina akadzabwera kudzatenga thupi, kaya Msilamu kaya wa mpingo uti, dzuwa likumuthamangitsa, umuuze kuti avundukule nsalu yonse asadasaine.

Sindikulonjeza kuti zimenezi zidzapulumutsa munthu. Mwina adzangodikira tsiku limene iwe suli pantchito. Adzakutcha wamakani, adzakusiya pokweza anzako, adzakutumiza kudera kumene minibasi imafika kamodzi pa sabata. Mwina zidzaposa pamenepo, ndipo ndikalingalira zimenezo dzanja limafuna kung'amba kalatayi n'kulemba ina yakuti mwana wanga, weramitsa mutu, landira malipiro, ukhale ndi moyo. Ndiyo ndidatsala pang'ono kulemba. Koma ndaweramitsa mutu katatu, ndipo waona kumene kwandifikitsa. Ukadzaona kuti sungathe kukana ndiponso sungathe kuvomera, vula yunifolomu, uipinde bwino, ubwere kunyumba. Munda wa chinangwa ulipo. Palibe adzakuseke pakhomo pano.

Sindikhulupirira kuti iwe udzasintha zinthu, ndipo ndisakunamize poti ukuchoka. Vuto silili mwa apolisi okha. Sabata yatha ndidadutsa pa kanyumba ka tiyi kaja. Sindidalowe, koma ndidamva kuseka, wina akuwerenga pa foni za ena amene awomberedwa kuboma lina. Mayi wogulitsa uja atandiona adatontholetsa anthu, ndipo adakhala chete mpaka nditadutsa. Ndili patali ndidamva ayambiranso. Sindidawakwiyire. Mpando wanga pabenchi lija udakali wofunda. Malinga ngati ife tikuombera m'manja, adzapezeka wowombera mfuti. Chimene ndikupempha n'chochepa kuposa kusintha dziko: kuti pa mapepala onse onama amene adzalembedwe, pasadzapezeke dzina la mwana wanga, ndi kuti munthu amene adzapatsidwe m'manja mwako, wolakwa kapena wosalakwa, umufikitse wamoyo.

Uziwaimbira foni amayi ako ngakhale asamayankhe zambiri. Mkwiyo wawo si wa iwe. Ndidawauza za pepala limene ndidasaina, ndipo kuyambira tsiku limenelo amandiikira madzi osamba ndi chakudya osandiyang'ana. Za mabala sindidawauze. Ozidziwa ndi iwe, a Sumaili, mkulu uja ndi ine. Uzisunge kapena uzinene monga udzaonere. Sindikukumanga ndi mwambo umene ine ndidaugwiritsa ntchito molakwa.

Ashehe ndawauza kuti apeze wina wosambitsa maliro. Manja anga sakulolanso.

Zimene zatsala ndi izi. Ku ofesi kuli pepala lonena kuti Twaibu adathawa, ndipo pansi pake pali dzina langa. Kumanda kuli thupi lonena kuti sadathawe, ndipo palibe adzalione. Ngati adaba kapena sadabe, sindidzadziwa. Ndine bambo wako, ndatsala ndi mwana mmodzi, ndipo mawa m'mawa akupita kukaphunzira upolisi.